Mlandu wa Ernő Goldfinger ndi Nyumba Zake Zosanja

Pali ntchito zina zimene munthu akalakwitsa, kulakwa kwakeko kumaiwalika msanga. Wophika akapsereza ndiwo, anthu amanyinyirika tsiku limodzi, m'mawa mwake nkudya zina. Telala akadula nsalu mokhota, mwini nsalu amakalipa, nkukagula ina. Wolemba mapulani a nyumba alibe mwayi wotere, pakuti chimene iye walemba papepala chimasanduka simenti ndi zitsulo, ndipo chimaima pamaso pa anthu zaka makumimakumi mwini wake atagona kale kumanda. Udindowu umalemera koposa kwa katswiri wa nyumba zosanja zogonamo anthu m'mizinda ikuluikulu, popeza iyeyo amakhala atalamuliratu, asanawaone nkomwe, pamene mabanja mazanamazana adzaphikire, pamene adzayanike zovala, ndiponso njira imene mwana wochokera kusukulu adzadzere kuti akafike pakhomo pa amake. Achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo mtima wawo uli pa ntchito imeneyi, pamodzi ndi aphunzitsi amene amawalangiza, angapindule kumva mbiri ya Bambo Ernő Goldfinger, amene adalemba mapulani a nyumba zosanja ziwiri zodziwika kwambiri mu mzinda wa London. Anthu adawaimba mlandu bambowa kwa zaka zambiri, koma pouunika bwino lero, mbali yaikulu ya mlanduwo idali ya anthu ena.

A Goldfinger adabadwa mu mzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, m'chaka cha 1902, m'banja la Ayuda lopeza bwino limene lidali ndi nkhalango ndi makina ochekera matabwa. Ali mnyamata adapita ku Paris kukaphunzira pa sukulu ya École des Beaux-Arts, ndipo kumeneko adasulidwa ndi Auguste Perret, katswiri amene adaonetsa anzake kuti konkire wolimbitsidwa ndi zitsulo sayenera kubisidwa ndi pulasitala kapena penti ngati chinthu chochititsa manyazi. Phunziro limeneli a Goldfinger sadalitaye mpaka imfa yawo. M'chaka cha 1933 adakwatira Ursula Blackwell, mwana wa ku banja la eni kampani ya zakudya ya Crosse & Blackwell, ndipo chaka chotsatira adasamukira ku London.

Ku London ntchito sidabwere mothamanga. M'chaka cha 1939 adatsiriza nyumba zitatu zogundizana mu msewu wa Willow Road ku Hampstead, nakhala iwo eni m'nyumba yapakati, ngakhale kuti anthu oyandikana nawo adayesetsa kuletsa ntchitoyo ponena kuti nyumba zotere ziipitsa dera lawo. Kenaka nkhondo idabuka, kumanga kudaima. Nkhondo itatha adamanga masukulu, masitolo ndi maofesi, kuphatikizapo maofesi aakulu a Unduna wa Zaumoyo ku Elephant and Castle. Pa zandale adali wotsatira maganizo a Karl Marx, ndipo chimene mtima wawo udafunitsitsa chidali kumangira anthu wamba nyumba zabwino. Koma mwayi wochita zimenezi pa mlingo waukulu udawapeza atapitirira kale zaka 60. Wachinyamata amene amaganiza kuti akangolandira digiri adzapatsidwa nsanja yoti ajambule aziganizira zaka zimenezi. Pakati pa kudikiraku padagwanso nkhani yoseketsa koma yowawa kwa mwini wake: mlembi Ian Fleming adatenga dzina lawo nkulipatsa munthu woipa wa m'buku lake la James Bond la m'chaka cha 1959. A Goldfinger adaopseza kuti apita kubwalo la milandu, nkhani idathera kunja kwa bwalo, koma filimu yake itatuluka m'chaka cha 1964 anthu achipongwe sadaleke kuwaimbira lamya kunyumba. Tsono dzina lawo lidayamba kununkha m'makutu mwa anthu nsanja zawo zisanamangidwe nkomwe.

Pofuna kumvetsa chifukwa chimene Britain idathamangira nyumba zosanja, nkofunika kukumbukira m'mene London idaliri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mabomba adagwetsa nyumba zambirimbiri, makamaka chakum'mawa kwa mzindawo kumene kudali madoko. Nyumba zotsala zambiri zidali zakalekale, zachinyontho, zopanda bafa, ndipo mabanja angapo ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chapanja. Malo omangapo adali ochepa, anthu odikira nyumba adali ochuluka. M'chaka cha 1956 boma lidakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo ndalama zochulukirapo malinga ndi kutalika kwa nyumba imene amanga, kotero kuti khonsolo yomanga nsanjika zambiri ndiyo inkalandira zambiri. Makontrakitala adaona malonda pamenepa. Adayamba kuumba zipupa zathunthu za konkire ku fakitale, kuzinyamula pa magalimoto, nkumazisanja pamalopo ngati mabokosi. Nyumba zidamera msangamsanga, ndipo zambiri mwa izo zidamangidwa popanda munthu wodera nkhawa za amene adzagonemo.

Apa mpamene a Goldfinger adasiyana ndi ambiri a m'nthawi yawo. Nyumba yawo yoyamba yaitali, Balfron Tower, idamangidwa ku Poplar, kum'mawa kwa London, pakati pa 1965 ndi 1967. Ili ndi nsanjika 26, ndi yotalika mamita 84, ndipo m'kati mwake adaikamo nyumba za mabanja, zimene ambiri amazitcha mafulati, zokwana 146. Konkire wake adamuthira pamalo pomwepo, chipupa ndi denga kugwirana ngati thupi limodzi. Chodabwitsa pa nyumbayi nchakuti zikepe, makwerero ndi mipita yotayiramo zinyalala adaziika m'nsanja ina yopyapyala yoima payokha, imene imalumikizana ndi nyumba yogonamo anthu kudzera pa timilatho. Cholinga chake chidali chakuti phokoso la makina ndi fungo la zinyalala zisafike kuchipinda kumene munthu wagona. Chikepe chimaima pa nsanjika yachitatu iliyonse, ndipo kuchokera pa mpita umenewo ena amalowa m'nyumba zawo molunjika, ena amakwera makwerero a m'nyumba mwawo, ena amatsika. Mwa njira imeneyi mipita idachepa, malo opulumutsidwawo adapita ku zipinda za anthu, ndipo mafulati ambiri adakhala ndi mazenera mbali ziwiri, dzuwa la m'mawa kulowera uku, lamadzulo uko. Zinthu zotere sizioneka kwa munthu wodutsa mu msewu, amene amangoona chipupa chotuwa chachikulu; amazidziwa ndi mayi amene akuchapa mbale akuona kunja.

Nyumbayo itatha, a Goldfinger adachita chinthu chimene akatswiri anzawo ambiri sadachiganizepo. M'chaka cha 1968 iwo ndi akazi awo adasiya nyumba yawo ya ku Hampstead nakakhala miyezi iwiri mu fulati nambala 130, pafupi ndi pamwamba penipeni pa Balfron Tower. Ankaitana anthu a m'nyumbamo gulu ndi gulu, kuwathirira vinyo wa shampeni, nkumawafunsa chimene chikuwakomera ndi chimene chikuwasowetsa mtendere. Adadikira nawo chikepe m'mawa, adamva nawo mphepo ikuliza malikhweru m'mazenera usiku. Chimodzi mwa zimene adaphunzira nchakuti zikepe ziwiri nzosakwanira anthu ochuluka chotero, ndipo m'nyumba yotsatira adaikamo zitatu.

Otsutsa adanena kuti kumeneku kudali kudzionetsera chabe pamaso pa atolankhani, popeza miyezi iwiri itatha banjali lidabwerera ku Hampstead, kumene kuli mitengo ndi udzu, kusiya anzawo m'mwamba. Mawuwa ali ndi choona chake. Mlendo wodziwa tsiku lake lochoka saona nyumba monga m'mene amaionera munthu amene alibe kwina kopita, ndipo munthu wazaka 65 wopanda khanda sangamve chimene amamva mayi wokhala pa nsanjika ya 20 pamene chikepe chafa, mwana ali m'manja, katundu wa kumsika ali pansi. Komabe miyezi iwiri imeneyi iyenera kuyerekezedwa ndi masiku amene akatswiri ena adagona m'nyumba zimene adajambulira anthu osauka, ndipo kwa ochuluka a iwo masikuwo sadakwane ngakhale limodzi. Umboni wakuti a Goldfinger ankamvetseradi uli m'mapulani awo otsatira, m'mene madandaulo a anthu adasanduka mizere yatsopano.

Tsoka lidadza chaka chomwecho. Pa 16 May 1968, m'nyumba ina yosanja yotchedwa Ronan Point ku Canning Town, mtunda wochepa kuchokera ku Poplar, mayi wina wa pa nsanjika ya 18 adayatsa machesi m'mamawa kuti aphike tiyi, osadziwa kuti gasi wadzaza m'khitchini. Kuphulikako kudakankhira chipupa kunja, ndipo popeza nyumbayo idali ya zipupa zosanja zija za ku fakitale, ngodya yonse idagumuka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anthu anayi adafa. Nyumbayo idali itangotsegulidwa miyezi iwiri yapitayo. A Goldfinger sadakhudzidwe ndi Ronan Point mwa njira iliyonse, ndipo mamangidwe awo adali osiyana kotheratu. Koma anthu ogwidwa ndi mantha safunsa za kathiridwe ka konkire. Kuyambira tsiku limenelo nyumba yosanja iliyonse idasanduka mdani, ndipo amene dzina lake lidali lodziwika kale ndiye adalozedwa chala koposa.

Mu mphepo yoipa yoteroyo ndi m'mene nyumba yawo yaikulu koposa, Trellick Tower ya ku North Kensington, idatsegulidwira m'chaka cha 1972. Ili ndi nsanjika 31, mamita 98, ndi mafulati 217, ndipo eni ake adali khonsolo yaikulu ya mzinda wonse, Greater London Council. Mapulani ake adatsata a Balfron, koma ataongoledwa. Zipinda zidali zotakasuka, fulati iliyonse idali ndi khonde lake, mazenera adali a magalasi awiri otchinga phokoso la sitima zodutsa pafupi, ndipo adapangidwa motembenuzika kuti munthu aziwapukuta ali m'kati. Pansi ndi m'mbali mwake adakonza malo a masitolo, sukulu ya mkaka, chipinda cha dokotala, ndi zipinda zochapira ndi kuumitsira zovala. A Goldfinger adasamutsiranso ofesi yawo pansi pa nyumba yomweyo. Koma padali chinthu chimodzi chimene iwo adapempha ndipo khonsolo idakana: mlonda wokhala pakhomo lalikulu, wodziwa amene alowa ndi amene atuluka. Akuluakulu a khonsolo adaona ngati kuika munthu wotero nkuyang'anira anthu aakulu ngati ana.

Zotsatira zake sizidachedwe. Khomo la nyumba yokhalamo anthu mazana ambiri lidakhala lotsegula usana ndi usiku kwa wina aliyense. Zipinda zoumitsira zovala zidaphwanyidwa nyumbayo isanakhazikike nkomwe. Pa nyengo ya Khrisimasi ya chaka choyamba chomwecho, anthu owononga adatsegula madzi ozimira moto pa nsanjika ina, madziwo adathamangira m'zikepe, ndipo mabanja adadya chikondwererocho opanda magetsi, opanda madzi, opanda chotenthetsera nyumba pakati pa dzinja lozizira la kumeneko. M'chaka cha 1973 mtengo wa mafuta udakwera pa dziko lonse, ndipo makina otenthetsera madzi amene adaikidwa pamwamba pa nsanja ya zikepe, oyendera mafuta, adasanduka katundu wopanda ntchito. M'makwerero mudayamba kugona anthu osowa pokhala ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Amayi adachitidwa chipongwe, anthu adalandidwa katundu m'zikepe. Nyuzipepala zidaipatsa nyumbayo dzina loti nsanja ya zoopsa, ndipo mabanja ambiri adachonderera khonsolo kuti iwasamutse. A Goldfinger adatseka ofesi yawo m'chaka cha 1977, dzina lawo litagwera m'matope.

Tsono mlandu unali wa yani? Mbali ina njawo ndithu, ndipo siyenera kubisidwa. Adali munthu waukali woopsa, amene ankatha kuchotsa ntchito wothandizira wake pa chifukwa chochepa, ndipo munthu wotere savomera msanga kuti walakwa. Adakhulupirira kwambiri kuti akamanga m'mwamba, pansi padzatsala malo aakulu osewerera ana, osalingalira mokwanira kuti kholo silingalere mwana amene ali nsanjika makumi awiri pansi pake. Makina odalira mafuta okha adali kulakwitsa kwa mapulani. Ndipo mipita ndi makwerero aatali, abata, ndi malo amene wakuba amawakonda. Koma mipita yomweyo, m'nyumba zosanja za anthu olemera za mu mzinda womwewo, sidasanduke phanga la achifwamba, pakuti kumeneko pakhomo pamakhala munthu, babu likapsa limasinthidwa tsiku lomwelo, chikepe chikafa mmisiri amabwera dzuwa lisanalowe. Nyumba yosanja ili ngati sitima yapamadzi: siyenda popanda antchito ake. Khonsolo idalipira ndalama zambirimbiri zomangira, nkuumira pa malipiro a mlonda. Zofanana ndi zimenezi zidaoneka ku St. Louis m'dziko la America, kumene nyumba 33 za Pruitt-Igoe, za nsanjika 11 iliyonse, zidayamba kugwetsedwa ndi mabomba m'chaka chomwecho cha 1972, zisanathe zaka 20. Kumenekonso dzina limene anthu adaligwira lidali la wojambula, Minoru Yamasaki, pamene ndalama zosamalira nyumbazo zidali zitauma kalekale.

Umboni wotsimikiza udachokera kwa anthu okhalamo eni ake. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'chaka cha 1984 anthu a mu Trellick Tower adakhazikitsa bungwe lawo, nayamba kuvutitsa akuluakulu ndi makalata ndi misonkhano. Pang'onopang'ono pakhomo padaikidwa chitseko chokiya ndi lamya yolankhulira ndi mwini fulati, ndipo m'chaka cha 1987 mlonda uja adalembedwa ntchito, patapita zaka 15 nyumbayo itatsegulidwa. Palibe chipupa chimene chidasunthidwa, palibe nsanjika imene idachotsedwa, koma umbava udatsika ndipo nyumba yomwe ija anthu ankaithawa idayamba kusiririka. A Goldfinger adamwalira mu November chaka chomwecho cha 1987, ali ndi zaka 85, asanaone dzina lawo likutsukidwa. M'chaka cha 1998 boma lidaika Trellick Tower m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, zimene sizingagwetsedwe kapena kusinthidwa mwachisawawa. Ronan Point idali itagwetsedwa kale m'chaka cha 1986.

Wophunzira amene akonzekera ntchitoyi amauzidwa, ndipo nzoona, kuti alimbikire masamu, sayansi ndi kujambula. Chimene sauzidwa kawirikawiri nchakuti theka la ntchito ya katswiri wa nyumba zosanja limachitikira m'misonkhano, pamaso pa anthu osunga thumba la ndalama, amene amafunsa chimene chingachotsedwe pa mapulani kuti mtengo utsike. Zoyamba kuchotsedwa zimakhala zimene sizioneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira: chikepe chachitatu, chipinda cha mlonda, ndalama zokonzera zinthu chaka ndi chaka. A Goldfinger, ndi ukali wawo wonse uja, adapambana pa chikepe nagonja pa mlonda, ndipo kugonja kumodziko kudadya mbiri yawo. Aphunzitsi angachite bwino kuphunzitsa ana otere kulankhula ndi kulemba momveka, kuwerengera mtengo wosamalira chinthu kwa zaka 50 osati womangira wokha, ndiponso kumvetsera munthu wosaphunzira akamadandaula za chitseko chake. Kuopsa kwa zimene ena amachita pa nyumba wojambula atachoka kudaoneka poyera pa 14 June 2017, pamene Grenfell Tower, yoyandikana ndi Trellick m'dera lomwelo, idapsa nkupha anthu 72. Nyumbayo idamalizidwa m'chaka cha 1974, koma moto udathamanga kudzera m'zophimba zoyaka msanga zimene zidamatidwa kunja kwake patapita zaka zoposa 40.

Kutsukidwa kwa dzina la a Goldfinger kudabwera ndi chowawa chake, ndipo chimenechi ndicho chiyenera kuchititsa manyazi amene lero amatama nyumbazi. Anthu a ndalama atazindikira kuti zipinda nzotakasuka, zowala, ndipo pakhonde munthu amaona London yense, adayamba kuzifuna. Lamulo la m'chaka cha 1980 lidalola anthu a lendi kugula nyumba za khonsolo, ndipo mafulati ena a mu Trellick adadutsa m'manja ndi m'manja pa mitengo imene wantchito wamba sangailote, ngakhale kuti ochuluka adatsalabe a lendi yotsika. Ku Balfron zinthu zidapitirira pamenepa. M'chaka cha 2007 khonsolo ya Tower Hamlets idapereka nyumbayo kwa bungwe loyang'anira nyumba la Poplar HARCA. M'chaka cha 2010 anthu adauzidwa kuti ayenera kutuluka kuti nyumbayo ikonzedwe, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti a lendi sadzabwereranso, pakuti mafulati okonzedwawo adzaikidwa pamalonda. Bungwelo lidafotokoza kuti kukonza nyumba yotetezedwa ndi lamulo nkokwera mtengo kwambiri. Zimenezo zingakhale zoona, koma nzoonanso kuti anthu amene adapirira zaka za zikepe zakufa ndi makwerero amdima ndiwo adachotsedwa nyumbayo itayamba kutamandidwa. M'chaka cha 2014, mabanja ambiri atasamuka kale, bungwe losunga malo a mbiri la National Trust lidatsegula fulati nambala 130 kwa masiku ochepa, litaikamo mipando ndi makatani a mtundu wa m'chaka cha 1968, ndipo alendo adagula matikiti kudzaona chipinda chimene a Goldfinger adakhalamo pofunsa anthu a lendi maganizo awo.